Momwe Ndinasankhira Intaneti ndi Mita ya Ababa

Nkhani iyi sindiikamba yonse pagulu. Anzanga a ku ofesi amangodziwa mbali yoseketsa, yoti tsiku lina ndinazungulira nyumba yanga ndi chibokosi chachitsulo chikulendewera pakhosi, ndipo mpaka lero ena amanditcha Injiniya. Akamaseka nanenso ndimaseka. Koma lero ndikuuzani ndi mbali inayo, chifukwa kuseka kumeneku kwanditopetsa.

Ndimakhala ku Chinyonga, kumunsi kwenikweni, kumene msewu umathera n'kusanduka kanjira ka miyala. Nyumba yathu ili m'chidikha. Foni imagwira ukafuna kungoyankhula, koma ukati uonere kavidiyo umangoona kagudumu kaja kakuzungulira mpaka tiyi kuzizira. Pakhomo tilipo atatu: ine, mayi a kunyumba, ndi bambo anga ondibereka, amene tonse timawatcha Ababa. Mwana wathu Lonje ali kusukulu.

Ababa anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki ali achinyamata, n'kudzakhazikika ku Limbe, komwe akhala akukonza mawailesi moyo wawo wonse. Akuluakulu a kumeneko amawatchulabe a Mesitiri, kutanthauza katswiri. Zaka ziwiri zapitazo sitiroko inawagwira, dzanja ndi mwendo wakumanzere n'kufooka, lilime n'kulemera. Mutu uli bwinobwino, koma liwu lililonse amachita kulikoka ngati ndowa ya m'chitsime. Ine luso lawo sindinatengere. Ndine kalaliki mu ofesi ina m'tauni ya Blantyre, ndipo ndili mwana, akandiitana kuti ndidzakhale pambali pa tebulo lawo, ndinkathawira ku mpira. (Izi sizinandiletse kumauza anthu kuti kwathu zamagetsi zili m'magazi.)

Lachiwiri lina ndinalandira uthenga kuchokera kwa msuweni wanga Felizarda wa ku Mocuba, ku Mozambiki. Mayi ake, azakhali a Roza, ndi achemwali awo a Ababa, ndipo awiriwa anali asanaonane zaka zoposa makumi atatu. Uthengawo unali wa Chinyanja chothyokathyoka koma womveka: amayi akudwala kwambiri, akufuna aone nkhope ya achimwene awo pa foni. Anatsindika kuti mawu okha ayi, mawu amamvana kale pa Khirisimasi iliyonse. Ankafuna nkhope.

Nditawawerengera, Ababa anafunsa kuti, "Liti?"

"Posachedwa, Ababa," ndinatero ine. "Ndiika intaneti m'nyumba muno, muziwaona tsiku lililonse mutakhala pa mpando wanu."

Kuwanyamula kupita nawo kumtunda kwa msewu, komwe foni imagwira bwino, ndinakana. Galimoto sifika pakhomo pathu, ndipo sindinafune kuti bambo anga aziyankhula ndi achemwali awo odwala pamene makondakitala a minibasi akukuwa kumbuyo. Apa pokha ndikuganiza kuti ndinalondola. Zotsatirazi ndiye ayi.

Mayi a kunyumba anali ndi njira yawo yachidule. "Bambo a Lonje," anatero, "a Nachisale apa amayankhula ndi mwana wawo wa ku Joni Lamlungu lililonse, mpaka timawamva akuseka. Bwanji mungowafunsa kuti yawo ndi ya kampani iti?"

A Nachisale ndi aneba athu, mayi wamasiye amene amagulitsa zitenje. Nyumba yawo ndi yathu zimangosiyana ndi mpanda wa bango.

"Mayi," ndinayankha, "intaneti si tomato woti uzifunsa aneba kuti wabwino ali pa benchi iti. Izi zimafuna kuyeza."

"Kuyeza ndi chiyani?"

"Muona."

Nthawi imeneyo nanenso sindinkadziwa kuti aona chiyani.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro ndinayendera ogulitsa intaneti. Woyamba anali mayi wina atakhala pansi pa ambulera m'mbali mwa msewu. Nditatchula Chinyonga sanaphethire n'komwe. "Bwana, yathuyi imagwira ngakhale muli kubafa," anatero. Wachiwiri anali mu shopu ya magalasi, atavala tayi, ndipo anandionetsa mapu a mzinda wonse atapakidwa mtundu umodzi. "Chinyonga ndi kwathu, bosi, netiweki yake fulu." Wachitatu ndinamupeza ku Limbe ndikuweruka. Iye anangotsitsa mawu n'kunena kuti, "Akulu, awiri enawo amanama." Ndinafika kunyumba ndi timapepala titatu m'thumba, ndili wotsimikiza kuti onse atatu amanama, ndipo kuti chosanama ndi makina okha.

Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira mita ya Ababa. Pansi pa bedi lawo pali bokosi lachitsulo momwe muli zida zawo zakale, ndipo m'menemo munali mita imene ndinkaisirira ndili mwana. Ndi yotuwa, kukula kwake ngati buledi, ili ndi lamba wachikopa, kawindo ka galasi kokhala ndi singano mkati, ndi mlongoti wochita kukoka. Akamaika mlongoti padenga la munthu, Ababa ankatembenuza mtengo pang'onopang'ono akuyang'ana singanoyo, ikakwera kwambiri n'kumanga pomwepo. Ndiye ine ndinawerengera motere: wailesi imabwera mumphepo, intaneti imabweranso mumphepo, mphepo ndi imodzi. (Sayansi yanga yonse ndi imeneyo, ndipo ndinagona ndikunyadira nayo.)

Nditaitsegula ndinapeza manda. Mabatire anali atasungunukira momwemo n'kusiya chinthu chobiriwira, mphemvu zinali zitalelera ana ndi zidzukulu, mawaya awiri anali oduka, singano itagona pansi osagwedezeka. Koma Ababa ataona ndaiika patebulo, maso awo anawala. Sindinawauze cholinga changa, ndinkafuna kudzawadzidzimutsa. Iwo anangoganiza kuti mwana wawo, ndi imvi zake, wafuna tsopano kuphunzira ntchito.

Loweruka ndinapita nayo ku Limbe kukafuna tizipangizo. Pafupi ndi msika pali a Chikopa, amene anaphunzira ntchito m'manja mwa Ababa. Pano nawonso mutu unayera, ndipo amakonza mafoni m'kakontena. Atangoiona anaimirira.

"Eee, iyitu ndi mita ya a Mesitiri! Ikadalipo? Ndiye mukufuna muyezere chiyani, achimwene?"

"Tinthu tina ta pakhomo."

"Tinthu tanji?"

"Mafunde," ndinatero mwaulemu wa munthu wodziwa zinthu.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa nthawi ndithu, kenako anakhuthula chitini chakale cha mkaka n'kunditolera tizipangizo tinayi. Anandibwerekanso chitsulo chowotcherera mtovu. Ndikanangotchula liwu lakuti intaneti, a Chikopa akanandiseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo kuseka kumeneko kukanandipulumutsa. Koma ndinaopa kuti andibera nzeru.

Ntchito inayamba. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkayala nyuzi patebulo lodyera, Ababa atakhala pambali panga. Iwo ankaloza ndi dzanja lawo labwino, n'kumati, "Apo," kapena, "Ayi," kapena kungopukusa mutu. Tsiku loyamba ndinagwira chitsulo chowotcherera chija kolakwika, chala n'kuchita thuza. Tsiku lachiwiri ndinachigoneka pa nsalu ya patebulo imene mayi analandira pa chinkhoswe chathu, ndipo dzenje lake lilipobe, timaphimba ndi mbale ya shuga. Lachinayi ndinalumikiza kachipangizo kena chozondoka. Nditaika mabatire kanaphulika ngati mbuliwuli, ine n'kudumphira kumbuyo pamodzi ndi mpando. Ababa anaseka. Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi n'kutuluka, koyamba chidwalireni.

Ndinene zoona, madzulo amenewo anali okoma. Sindinakhalepo pafupi ndi bambo anga chomwecho. Ndinkaweruka mothamanga, ndikulakalaka fungo la mtovu ndi mawu awo aja akuti "apo". Ndinali wosangalala, ndipo chimwemwe chimenecho ndi chimene chinandiiwalitsa chifukwa chomwe ndinatulutsira mitayo pansi pa bedi.

Felizarda analemba kawiri sabata imeneyo. "Msuweni, liti?" Ine ndinayankha kuti zinthu zili mkati. Analembanso sabata yotsatira, ine n'kuyankha kuti ndatsala pang'ono. Mayi a kunyumba anandipeza kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Bambo a Lonje, kumenekotu munthu akudwala. Masabata awiri akwana."

"Ndikudziwa. Koma mukufuna tigule chinthu chosagwira, ndiye Ababa adzakhumudwe?"

"Ine ndikungofuna awaone achemwali awo. Ndipite kwa a Nachisale?"

"Musandichititse manyazi, mayi. Mwana wa a Mesitiri akafunse za mafunde kwa ogulitsa zitenje?"

Anangotsegula chitseko n'kutuluka ndi poto wawo.

Lachisanu la sabata yachitatu singano inadzuka. Ndinatembenuza kabatani, iyo n'kunjenjemera, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka pakati. Ababa anamenya ntchafu yawo katatu ndi dzanja labwino lija. Ine ndinamva ngati ndalandira digiri.

Ku ofesi ndinali nditabwereka kale marauta atatu kwa anzanga, timabokosi tija timabweretsa intaneti m'nyumba, kalikonse ka kampani yake. Loweruka m'mawa, mayi atapita ku kwaya, ndinakoleka mita pakhosi, n'kukoka mlongoti wake mpaka kumapeto. Rauta yoyamba, ya kampani ya mayi wa ambulera uja, ndinaiyatsira pabalaza. Ndinayandikitsa mlongoti, singano inangokwera pang'ono. Ndinalemba m'kope kuti yofooka. Yachiwiri ndinaiyatsira pakhonde la kuseri, singano n'kufika pakati. Yachitatu, ya bambo wa ku Limbe uja, batire yake inali itatha, choncho ndinakailumikiza kumagetsi kuchipinda, pa windo loyang'ana kuphiri. Singano inathamanga mpaka kukagunda kumapeto.

Zoti rauta iliyonse ndaiyezera pamalo pake sizinandibwerere m'mutu. Zoti ndingotsegula vidiyo imodzi pa foni n'kuona ngati ikuyenda sizinandibwererenso. Timagetsi ta pa rauta yachitatuyo tinkaonetsa kamzere kamodzi kokha, koma ine ndinati timagetsi timeneto anaikira otsatsa malonda. Ndinatuluka panja n'kuzungulira nyumba kawiri, mlongoti uli m'mwamba, ana a m'mudzi akundilondola m'mbuyo.

Ababa anali pakhonde, ndipo apa m'pamene anazindikira zomwe ndinkachita. Anakweza dzanja.

"Iyi... iyi ndi ya... ya..."

"Ya mafunde, Ababa, ndikudziwa. Pumulani."

"Ayi... tamvera..."

"Taonani mmene singano yakwerera! Mwaikonzatu ndinu imeneyi."

Anatsegulanso pakamwa, koma ine ndinali nditatembenuka kale kukavala nsapato. Chidwalireni chawo ndinali nditazolowera kuwamalizira mawu, ndikumati ndikuwathandiza kuti asatope. Ndikutuluka pageti ndinawaona atatsitsa dzanja, akuyang'ana pansi.

Masana omwewo ndinakagula rauta ya kampani yachitatu ku Limbe. Ogulitsawo anandiuza kuti iyamba kugwira mawa lake. Ndinalembera Felizarda monyada: mawa 3 koloko masana, akonzekere.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi ndinawameta Ababa ndevu. Anaitanitsa jekete lawo la buluu ndi tayi, zimene anali asanavale chidwalireni. Mayi anawapesa tsitsi, n'kuwakhazika patebulo, foni itatsamira mtsuko wa maluwa. Nthawi itakwana ndinaimba.

Inalira, n'kuyankhidwa. Pa foni panaoneka khoma lobiriwira ndi theka la khutu la munthu, kenako zonse n'kuuma. Mawu anamveka patali, odukaduka: "Jo... ki..." Dzina la Ababa ndi Jowakimu, ndipo palibenso wina padziko amene ankawatchula dzinalo popanda ulemu uliwonse koma achemwali awo okha.

"Mana?" Ababa anaitana, monga amaitanira achemwali kwawo. "Mana Roza?"

Kagudumu kanayamba kuzungulira.

Ndinanyamula rauta kupita nayo pa windo la kuchipinda, pomwe singano inagunda paja. Palibe. Ndinaiika pamwamba pa firiji, kenako pamwamba pa kabati. Ndinalumikiza zingwe ziwiri zamagetsi, n'kutuluka nayo panja, n'kukwera mu mtengo wa mango ndi thalauza la ku tchalitchi, rauta ndaikweza m'mwamba ndi dzanja limodzi. (Thalauzalo linang'ambika kumbuyo, ndipo odutsa m'njira anaona zimene sankayenera kuona pa Sabata.) Ndili m'mwambamo ndinkakuwa kuti, "Yagwira?" M'nyumba munkangomveka mawu a Ababa akubwereza, "Mana? Mana?" Zimenezi zinatenga pafupifupi ola lathunthu.

Mayi a kunyumba sanandikalipire. Ndinangowaona akudutsa pansi pa mtengo, n'kulowa kwa aneba. Posakhalitsa anatulukira ndi a Nachisale, atafukata rauta yawo m'chitenje ngati mbale ya ndiwo. Inali ya kampani ya mayi wa ambulera uja, yomwe ndinalemba m'kope kuti yofooka. A Nachisale anayang'ana uku ndi uku, n'kuikoleka pa msomali wa kalendala. Pamene ndinkatsika mu mtengo, nkhope ya Felizarda inali itaoneka kale pa foni, yowala bwino, mpaka ndolo zake.

"Msuweni, mwachedwa," anatero. "Amayi anakhala tsonga kuyambira masana kudikira. Atopa, agona. Sindingawadzutse. Tiyese mawa."

Anatembenuzira foni ku bedi, koma tinangoona bulangete ndi msana.

A Nachisale anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, chopanda chipongwe, chimene chimapweteka kuposa chipongwe. "Aneba, mukanangondiuza," anatero. "Inetu ndimangoiyatsa Lamlungu basi. Masiku enawa imangokhala mu kabati."

Atapita, Ababa anandikodola. Ndinakhala pansi pafupi nawo, ndipo ulendo uno ndinalibe mawu owamalizira.

"Mita ija," anatero pang'onopang'ono, "ndi ya wailesi. Imamva nsanja... za pa phiri. Intaneti siimva."

Ndinapita kuchipinda, n'kuzimitsa rauta yanga yatsopano, n'kuizula kumagetsi. Ndinaima pa windo lija ndi mita pakhosi. Singano inathamanga mpaka kukagunda kumapeto. Mita inali yabwinobwino. Masabata atatu ndinawathera kukonza chida choti chindiuze kuti windo la kuchipinda kwathu limayang'ana kuphiri.

Lolemba Felizarda sanayankhe foni. Anadzalemba pambuyo pake kuti kunabwera ansembe. Lachiwiri ndinapempha tchuthi ku ofesi, Ababa n'kuvalanso jekete ndi tayi, rauta ya a Nachisale ili pa msomali. Chithunzi chinabwera choyera, osadukaduka ngakhale kamodzi. Tinaona nkhope ya azakhali a Roza pa pilo, khwinya lililonse, mphuno yofanana ndendende ndi ya Ababa. Maso anali otsegula, koma ankayang'ana kudenga.

"Mama, a Jowakimu awa," Felizarda anatero akuyandikitsa foni. "Achimwene anu. Taonani."

Maso sanasunthe.

Ababa anayamba kuyankhula Chilomwe. Ine Chilomwe ndimangotolako apa ndi apo, koma ndinamva mayina a anthu amene sindinawamvepo, ndi dzina la mtsinje, ndi liwu lakuti amayi likubwerabwera. Anayankhula nthawi yaitali, akupuma, akuyambiranso, ndipo palibe amene anawadula. Pomaliza anatambasula dzanja n'kukhudza galasi la foni, pa tsaya la achemwali awo. Mayi a kunyumba anali akulira chamumtima pakhomo la kukhitchini.

Azakhali anamwalira Lachinayi m'mawa. Pondiuza, Felizarda sanandinene. Anangofotokoza monga amafotokozera anthu pa maliro, kuti sabata yoyamba ija amayi ankayankhula bwinobwino, ankadya, ankafunsa tsiku lililonse ngati ku Malawi kwaimbidwa. Anati masana aliwonse ankaitanitsa duku lawo latsopano n'kuvala, kuti achimwene awo akaimba asawapeze osasamba.

Ndinatha masiku awiri ndikuzemba maso a Ababa. Loweruka ndinawapeza pakhonde akuothera dzuwa, ndipo ndinagwada pambali pa mpando wawo.

"Ababa, ndinakulakwirani. Ndinachedwetsa ndine."

Ndinaona milomo yawo ikuyamba kusuntha, ndipo ndinadikira.

"Mita... wakonza bwino," anatero. Anapuma. "Roza ndamuona."

Ndinaganiza kuti amaliza, mtima n'kuyamba kutsika. Koma anali asanamalize.

"Iye sanandione."

Sanandikalipire tsiku limenelo, ndipo sanandikalipirepo mpaka lero. Ndikanakonda akanatero. Ndikanakondanso kukuuzani kuti ndinasinthiratu, koma mayi a kunyumba akhoza kukutsutsani: ndikadali munthu wofuna kuyamba ndamvetsa chinthu ndisanachigwire, ndipo kufunsa kumandivutabe. Chimodzi chokha ndi chimene chinalowa. Munthu wodwala akati akufuna kuona wina, sindiyankhanso kuti posachedwa. Ndimavala nsapato n'kukagogoda kwa aneba tsiku lomwelo.